Kusaka agologolo ndi gogodela ya mwala: kuyambira pothira wonga mpaka potsuka mfuti

Kwathu mfuti yothirira wonga kukamwa timaitcha gogodela. Inalowa m'dziko lathu ndi amalonda a kugombe m'zaka za m'ma 1800, aja ankagula minyanga ya njovu ndi akapolo, ndipo lero dzinali likatchulidwa ambiri amaganiza za anthu opha nyama mozemba ku Kasungu kapena ku Liwonde. Kuno ku Pennsylvania, kumene ndakhala zaka zingapo tsopano, gogodela ndi mfuti yaulemu. Amisiri a Chijeremani amene anakhazikika ku Lancaster m'zaka za m'ma 1700 ndiwo anasula mfuti yaitali ija imene inadzatchuka ndi dzina la Kentucky, ndipo chiyambire 1974 boma la Pennsylvania limapatula masiku pambuyo pa Khirisimasi oti alenje asake agwape ndi mfuti ya mwala yokha, ndiye kuti gogodela imene imayatsa wonga ndi mwala wopala chitsulo. Ine ndinaiphunzira kwa mdala wina amene ndinkagwira naye ntchito. Iye sanandiyambitsire pa gwape. Ananditengera ku agologolo, chifukwa kumeneko mumaombera kangapo pa tsiku, chandamale n'chaching'ono, ndipo cholakwa chilichonse cha manja anu chimaonekera pompo.

Ndikulembera abale amene muli kuno ku America ndipo mukufuna kulowa m'tchire mwalamulo. Zimene ndikunena pano n'za mfuti yopangidwa ndi mmisiri wake, ndi wonga wogula m'sitolo. Gogodela ya paipi ya madzi ndi wonga wosinja pakhomo zadula anthu zala ndi kuwachotsa maso, komanso kwathu kukhala ndi mfuti yopanda chilolezo cha apolisi ndi mlandu. Zimenezo musaziphatikize ndi izi.

Idziweni kaye

Kumbali yakumanja kwa mfuti kuli zitsulo zitatu zimene muyenera kuzizolowera ngati zala zanu. Choyamba ndi chimene Azungu amati cock, ndiye kuti tambala, ndipo mukachiona chikugwira ntchito mumvetsa: chimaluma mwala pakamwa n'kujompha kutsogolo. Chachiwiri ndi frizzen, chitsulo choimirira chimene tambalayo amajompha. Chachitatu ndi kambale kamene kali pansi pa frizzen, mothiramo wonga pang'ono. Pambali pa kambaleko pali kabowo kolowa m'paipi ya mfuti. Mukakoka kachitsulo kowombera, mwala umapala frizzen, tizidutswa ta chitsulo totentha timagwera m'kambale ngati mbaliwali, wonga wa m'kambale umayaka, moto umadutsa pakabowo n'kukayatsa wonga waukulu. Kapangidwe kameneka kanakhwima ku France cha m'ma 1610, ndipo kanalamulira zaka zoposa 200 zisanabwere mfuti za kapu, zimene zimayatsa wonga ndi kachipewa kamkuwa kophulika m'malo mwa mwala.

Tambala amaima malo atatu: pansi, pakati, ndi kumbuyo kwenikweni. Akakhala pakati mfuti siyenera kuomba ngakhale mutakoka kachitsulo. Koma mano a chitsulo amatha, choncho malo apakatiwo musawakhulupirire ndi moyo wa munthu.

Pa agologolo ndi akalulu mfuti yabwino ndi ya .32 kapena .36. Manambalawa ndi kukula kwa bowo la paipi m'mainchi, pafupifupi mamilimita 8 ndi 9. Yanga ndi ya .32, ndipo miyezo yambiri imene nditchule ndi ya imeneyo. Malamulo a Pennsylvania salola gogodela yopitirira .40 pa nyama zing'onozing'ono. Amafunanso kuti mlenje woyamba achite maphunziro a Hunter-Trapper Education asanagule laisensi, avale chovala chowala cha mtundu wa olenji chokwana masikweya inchi 250 kumutu, pachifuwa ndi kumsana, ndipo asapitirire agologolo 6 pa tsiku. Boma lililonse la America lili ndi malamulo ake, ndipo amasintha, choncho kabuku kamene amakupatsani pogula laisensi muzikawerenga chaka chilichonse.

Za m'chikwama

Wonga ukhale wakuda weniweni, uja wa sopita, makala ndi salufa, monga wa Goex, Swiss kapena Schuetzen. Pachitini pamalembedwa zilembo F, ndipo akachuluka ma F ndiye kuti wongawo ndi wosalala kwambiri. M'paipi ya mfuti yaing'ono mumathira FFFg. M'kambale ambiri amathira FFFFg, ngakhale FFFg yomweyo imayaka bwino ndipo sichedwa kunyowa. Wonga wolowa m'malo, monga Pyrodex ndi Triple Seven, umafuna moto waukulu kuposa umene mwala ungapereke, ndipo m'mfuti ya mwala umangokuvutitsani. Wonga wopanda utsi, wa m'zipolopolo zamakono, musauyandikize n'komwe: umaphulitsa paipi. Ena mwa wonga woterewu ndi wakudanso m'maonekedwe, ndiye werengani chitini, musaweruze ndi maso.

Zipolopolo n'zobulungira, za mtovu wofewa. Mfuti ya .32 imadya chipolopolo cha .310, cholemera magalamu pafupifupi 3, ndipo ya .36 imadya cha .350. Chipolopolo n'chocheperako dala kuti chikulungidwe m'kansalu. Kansaluko kakhale ka thonje lenileni kolukidwa mothithikana, kokhuthala .010 mpaka .015 ya inchi. Nsalu ya nayiloni imasungunuka. Kansalu kamafuna kunyowetsedwa: pabwalo loyesera malovu amakwana, koma m'tchire, mmene chipolopolo chingakhale m'paipi maola awiri, malovu amauma n'kusiya dzimbiri, ndiye gwiritsani mafuta a nyama osakaniza ndi phula la njuchi kapena tinsalu togula todzozeratu.

Zina ndi nyanga kapena kabotolo kamkuwa kosungira wonga, muyezo wa wonga, kanyanga kakang'ono ka wonga wa m'kambale, kamtengo koyambira chipolopolo kamene m'sitolo amati short starter, kawaya kotokosera kabowo, miyala iwiri kapena itatu yapadera, sikuludalaiva, tinsalu topukutira, ndi magalasi oteteza maso. Magalasiwo musawaiwale. Moto umayakira pafupi ndi nkhope yanu, ndipo mwala umathothoka tizidutswa.

Kumanga mwala

Apa m'pamene ambiri amagwa ulesi ndi mfuti imeneyi, pomwe vuto lake n'laling'ono. Miyala yabwino ndi yakuda ya ku England, imene kuyambira kale inkasemedwa ku Brandon m'dera la Suffolk, ndi yachikasu ya ku France. Gulani yolingana m'lifupi ndi frizzen yanu. Mfuti ikhale yopanda kanthu. Kulungani mwala ndi kachikopa kumbuyo kwake, uikeni m'kamwa mwa tambala, n'kumanga pang'ono. Imikani tambala pakati, tsekani frizzen, ndipo yang'anani: kukamwa kwa mwala kuyandikire frizzen osaikhudza, ndipo kulingane nayo bwinobwino kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Tsitsani tambala pang'onopang'ono ndi chala, muone ngati ngodya ya mwala sikukhula paipi ndiponso ngati nsonga yake sikumenya m'kambale. Zikakhala bwino mangitsani.

Kenaka yesani m'chipinda chamdima, kutali ndi chitini cha wonga. Mbaliwali zizigwa zambiri ndipo zizigwera m'kambale. Zikamagwera kutsogolo kapena zikachepa, tembenuzani mwala, mbali yosetekayo iyang'ane pansi m'malo mwa kumwamba. Mfuti iliyonse ili ndi khalidwe lake pa nkhaniyi. Mukaombera kangapo mangitsaninso, chifukwa chikopa chimaphwa ndipo mwala wogwedera sutulutsa moto.

Kuthira wonga ndi chipolopolo

Musanachite china chilichonse tsimikizani kuti mfuti ilibe kanthu. Gogodela simungaithyole pakati n'kusuzumira ngati shotigani. Njira yake ndi ndodo yotsindira. Tsiku loyamba, mfuti ili yopanda kanthu, lowetsani ndodo mpaka pansi ndi kulemba chizindikiro polekezera kukamwa kwa paipi. Mukadzathira wonga ndi chipolopolo, lembani chizindikiro chachiwiri. Zizindikiro ziwirizi ndiwo maso anu a m'kati mwa paipi. Mfuti yopanda kanthu ndodo imafika pa chizindikiro choyamba ndipo imamveka ikugunda chitsulo. Mfuti yakale imene mwagula kapena mwapatsidwa muziiyesa yodzaza mpaka ndodo itakuuzani zina, poti wonga wakuda umayakabe ngakhale utakhala m'paipi zaka makumi ambiri.

Pukutani mafuta amene munasiya m'paipi potsuka, ndi kansalu kouma kapena konyowetsa ndi spiriti, ndipo tokosani kabowo. Mafuta otsalira pansi amanyowetsa wonga, ndipo kuomba koyamba kwa tsikulo n'kumene kumakanika.

Tsegulani frizzen, tsitsani tambala pansi, kambale kakhale kopanda kanthu. Ikani thako la mfuti pansi pakati pa mapazi anu, kukamwa kwake kupendekere kutali ndi nkhope ndi chifuwa. Kuyambira pano mpaka kumaliza, mutu wanu usadutse pamwamba pa paipi. Alenje akale ankauzira mpweya m'paipi akaombera. Mabwalo ambiri oyesera mfuti analetsa zimenezo, ndipo inenso sindichita.

Thirani wonga kuchokera m'nyanga kupita m'muyezo, tsekani nyanga, ndiyeno khuthulani muyezo m'paipi. Kutseka nyanga kubwere wonga usanalowe m'mfuti. Chifukwa chake n'chakuti m'paipi mutha kutsala kakhala koyaka kuchokera pa kuomba kwapita. Kakayatsa wonga wa m'muyezo, mupsa zala. Kakayatsa nyanga yonse imene munapendeketsa pakamwa pa mfuti, ndiye bomba lili m'dzanja lanu. N'chifukwa chake palibe mlenje wodziwa amene amathira mwachindunji kuchokera m'nyanga, ngakhale gologolo atakhala panthambi akumuyang'ana. Wonga umayezedwa m'ma grain, ndipo ma grain 7,000 ndiwo paundi imodzi. Mfuti ya .32 imafuna ma grain 15 mpaka 30, ya .36 imafuna 25 mpaka 40. Ine ndimathira 25, osakwana magalamu 2, kotero chitini cha paundi imodzi chimandiombera ka 280. Musapitirire malire amene wopanga mfuti yanu analemba. Mukathira, menyani paipi pambali ndi chikhatho kawiri katatu kuti wonga utsikire pansi.

Yalani kansalu kodzoza pakamwa pa mfuti, pakatikati. Ikani chipolopolo pamwamba pake. Chipolopolo choumba pachikombole chimakhala ndi kamchombo pamene mtovu unadulidwa, ndipo kamchomboko kayang'ane kumwamba nthawi zonse. Kankhani ndi mbali yaifupi ya kamtengo koyambira mpaka chipolopolo chilowe kulingana ndi mlomo wa paipi. Ngati nsalu yanu ndi yaitali yosadula, dulani yotsala ndi mpeni pamenepa. Kenaka ndi mbali yaitali ya kamtengoko chitsitseni masentimita 10 kapena 15.

Tsopano ndodo. Dzina loti gogodela likumveka lokha kuti akale ankagogoda, koma inu musagogode. Ndodo ya mfuti ya .32 ndi yoonda ngati pensulo. Mukaigwirira kumtunda n'kukankha mwamphamvu imapindika, ithyoka, ndipo chothyokacho chimalowa m'dzanja. Igwireni masentimita 15 kapena 20 pamwamba pa kamwa la mfuti, kankhani mpaka dzanja lifike pansi, kwezani dzanja, kankhaninso, chomwecho pang'onopang'ono. Chikhatho chisaphimbe nsonga ya ndodo. Chipolopolo chikafika pa wonga mumamva m'dzanja kuti chakhala, ngati mwaponda mchenga wouma. Tsindirani kamodzi mwamphamvu yofanana nthawi zonse, yang'anani chizindikiro chachiwiri. Chikapanda kufika pakamwa pa paipi, chipolopolo chaima panjira, ndipo mfuti yotero siomberedwa. Mpata pakati pa wonga ndi chipolopolo umatupitsa paipi, nthawi zina kuing'amba. Kumenyamenya chipolopolo ndi ndodo nakonso kumachiphwanya nkhope n'kuchisokoneza pouluka.

Bwezerani ndodo m'malo mwake musanachite china. Anthu aomberapo ndodo zawo.

Mdala uja ankandiuza kuti ndizitchula pakamwa: wonga, kansalu, chipolopolo. Ndinkatero, koma tsiku lina pabwalo loyesera munthu anandifunsa za mfuti yanga ndili pakati pothira. Ndinamuyankha, ndinabwerera ku ntchito, ndinatsitsa chipolopolo, ndipo ndodo inapitirira chizindikiro chachiwiri ndi kachidutswa ngati chikhadabo. Wonga unali udakali m'muyezo pathebulo. Chizindikirocho n'chimene chinandiuza. Zikakuchitikirani, njira ilipo: lowetsani wonga wosalala pang'onopang'ono pakabowo ndi kawaya, ma grain atatu kapena anayi, tsindiraninso chipolopolo ndi ndodo kuti chikhale pa wongawo, thirani m'kambale, lozani kuchandamale n'kuomba. Chimatuluka mofooka koma chimavulazabe, ndipo mukatero yesani ndi ndodo kuti muone ngati chatulukadi. Palinso kasikulu komangirira kunsonga kwa ndodo kozulira chipolopolo, ndi kabotolo ka mpweya wa CO2 kopopera pakabowo. Chiyambire tsiku limenelo, munthu akandilankhula ndikuthira mfuti sindiyankha mpaka ndodo itabwerera m'malo.

Kambale

Nyamulani mfuti, kukamwa kuloze kosavulaza munthu, imikani tambala pakati. Pukutani mwala, nkhope ya frizzen ndi kambale ndi kansalu kouma. Chala sichipukuta, chimangopaka thukuta. Lowetsani kawaya pakabowo mpaka mumve wonga wa m'kati ukukhutchuka, zimene zimatsegulira moto njira.

Thirani wonga wochepa, ma grain awiri kapena atatu, wosadzaza ngakhale theka la kambale. Oyamba kumene amadzaza kambale mpaka kukwirira kabowo poganiza kuti moto ukachuluka mfuti iomba msanga. Zimatembenuka: wonga wodzaza pakabowo umayaka ngati chingwe, kuchoka kunja kupita m'kati, ndipo mumamva "fuu" kenaka "phuu". Chofunika n'chakuti lawi lilumphe pakabowo potseguka. Tsekani frizzen, bwezerani kanyanga m'chikwama.

Mfundo imene ambiri saidziwa ndi iyi: mfuti ya mwala itha kuomba kambale kali kopanda wonga. Mbaliwali imodzi yokha ikalowa pakabowo yakwana. Choncho kukhuthula kambale sikutanthauza kuti mfuti yagona. Sokani kapena gulani kachikopa kovala pa frizzen ngati sokosi, komangirira ndi kachingwe. Kali pamenepo mwala sungapale chitsulo. Ine ndimayenda nako kovala mpaka nditakhala pansi pa mtengo.

Kuomba

Musanapite kutchire pitani kubwalo loyesera, kangapo. Ikani chandamale pa mayadi 25, pafupifupi mamita 23, tsamiritsani mfuti pa thumba la mchenga. Yambani ndi ma grain 15 kapena 20, ombani kasanu, onjezani ma grain 5, ombaninso kasanu pa pepala lina. Pamene mabowo aunjikana kwambiri ndiye muyezo wa mfuti yanu. Pakati pa kuomba pukutani paipi ndi kansalu konyowa pang'ono kenaka kouma, poti paipi yaing'ono imadzaza mwaye msanga ndipo chipolopolo chachitatu kapena chachinayi chimayamba kukana kutsika. Bwalo likatsekedwa kuti anthu akaone mapepala, tolani tinsalu tanu tomwe tagwa mamita angapo kutsogolo. Kansalu kabwino kamakhala kakuda pakati koma kathunthu. Kobooka kapena kopsa kakukuuzani kuti nsalu ndi yopyapyala kapena mafuta achepa.

Mutu wa gologolo ndi waukulu ngati dzira laling'ono la nkhuku. Mtunda umene mungalase dzira kanayi pa kasanu ndiwo mtunda wanu m'tchire, kaya ndi mamita 23 kaya 12.

Yang'anani kumanja kwanu musanaombe. Moto umathovoka pakabowo kupita chammbali ndipo umawaula munthu woima pafupi. Ikani thako la mfuti paphewa, tsaya pamtengo wake, ndiyeno kokerani tambala kumbuyo kwenikweni. Mfuti zambiri zamtunduwu zili ndi tizitsulo tiwiri pansi. Kakumbuyo mukakakoka kamangoti "tche", kutchera kakutsogolo kuti kakhale kopepuka. Kakatcheredwa, kungokakhudza mfuti yaomba, choncho chala chisalowemo mpaka mutaloza.

Chovuta chenicheni cha mfuti iyi si chitsulo, ndi diso lanu. Lawi limabuka pafupi ndi nkhope chipolopolo chisanatuluke. Nthawi yake ndi yochepa zedi, koma imakwana kuti munthu atsinzine, adzutse mutu, mfuti igwe pang'ono, chipolopolo chidutse pansi. Mankhwala ake n'kukhazika diso pa kachitsulo kolozera ka kunsonga kwa paipi, ndi kukhalabe momwemo mpaka utsi utayamba kubalalika. Ine ndimawerenga mumtima mpaka katatu ndisanatsitse mfuti. Kunyumba mutha kuzoloweza thupi: mfuti yopanda kanthu, m'malo mwa mwala mangani kamtengo kolimba kosemedwa ngati mwala, lozani kadontho pakhoma, kokani, muone ngati cholozera chasuntha. Mphindi 10 madzulo alionse kwa milungu iwiri zinandithandiza kuposa chitini chathunthu cha wonga.

Ikakana

Imakana mwanjira zitatu, ndipo poyamba yankho ndi limodzi: musaitsitse paphewa, musaitembenuze kuti muisuzumire. Ilozebe komweko kwa mphindi imodzi yathunthu, chifukwa moto utha kukhala ukunyeka m'kati n'kuomba mochedwa.

Mukamva "kha" popanda moto, mwala wabuntha kapena frizzen ili ndi mafuta kapena chinyezi. Pukutani. Zikapitirira, mwala ukufuna kusongola, ndipo mumauthothola tizidutswa kukamwa kwake pougogoda mopepuka ndi kachitsulo kamkuwa, kosathetheka moto. Ngati mfuti ili yodzaza, m'malo mosongola ingosinthani mwala, kambale kali kopanda kanthu ndipo kabowo mwakatseka ndi kamtengo kapena nthenga. Kambale kakayaka koma mfuti osaomba, kabowo katsekeka: dikirani mphindi ija, tokosani, thiraninso. Ikaomba mochedwa, kawirikawiri mwadzaza kambale kapena wonga wagwira chinyezi.

Chinyezi ndiye mdani wamkulu m'nkhalango za kuno. Mwaye wa wonga umakoka madzi mumpweya, moti m'mawa wa nkhungu kambale kamene mwaombera kamodzi kamasanduka phala lakuda pakapita mphindi zochepa. Pukutani mukangoomba, ndipo mukakhala nthawi yaitali tsegulani frizzen muone. Wonga ukaleka kuyenderera mukapendeketsa mfuti, tayani muthire wina. Kukamawaza mvula bisani zitsulozo m'khwapa, kukamwa kwa mfuti kuyang'ane pansi, madzi asatsetserekere ku kambale.

Pansi pa mtengo

Agologolo otuwa amatuluka kukangocha ndiponso dzuwa likapendeka. Kumayambiriro kwa nyengo, mu Seputembala ndi Okutobala, amakhala m'mitengo ya mtedza yotchedwa hickory, kenaka amasamukira ku mitengo ya oak ndi beech. Fufuzani pansi pa mitengo: mukapeza makoko a mtedza ongotafunidwa kumene, oyera m'mphepete, mwafika pa malo odyera. Khalani pansi mutatsamira tsinde, dzuwa likhale kumsana, bondo likhale chotsamiritsa mfuti. Mukafika nkhalango imati zii. Pakapita mphindi 15 kapena 20 imakuiwalani. Masamba akadali ambiri gologolo mumamumva musanamuone: mano akukwecha chikoko, ndi tizinyenyeswa tikugwa pamasamba ngati mvula yowaza. Tsatani ndi maso pamene tikuchokera, ndipo mudzaona mchira ukugwedera kapena nthambi ikuwerama popanda mphepo.

Musafulumire. Muli ndi chipolopolo chimodzi, ndipo kuthiranso kumatenga mphindi. Dikirani akhale pansi ndi mtedza m'manja. Dikiraninso kuti kumbuyo kwake kukhale tsinde kapena nthambi yaikulu. Gologolo amene ali panthambi yoonda kumbuyo kwake kuli thambo lokha mulekeni apite, chifukwa chipolopolo chophonya chimakagwa kutali kumene simukuona, ndipo nkhalango za boma zimakhala ndi anthu ena. Lozani mutu. Pathupi chipolopolo chimawononga ndiwo, ndipo wolasidwa m'mimba amakwawira m'phanga kukafera komweko, zimene mlenje aliyense ayenera kuchita nazo manyazi.

Mukaomba utsi woyera umatseka maso, choncho tcherani khutu kuti mumve kugwa kwake. Ikani chizindikiro m'mutu, chitsa kapena mwala umene wagwera pafupi, ndipo musadzuke. Pukutani paipi, thirani mfuti mwadongosolo lomwe lija mutagwada, kukamwa kwake kuloze kutali nanu. Kulira kwa mfuti yaing'onoyi n'kofatsa, ndipo nthawi zambiri anzake amayambiranso kudya inu musanamalize kuthira. Mukamakatola, mukhudzeni ndi kamtengo kaye, chifukwa mano amene amaswa hickory amaboola chala mpaka pafupa.

Podumpha mpanda, powoloka mtsinje kapena potsika potsetsereka, khuthulani kambale n'kuvala kachikopa pa frizzen. Kalulu amafuna njira yomweyi: mumamuona atakhala m'mphepete mwa zitsamba, diso lakuda likuwala, n'kumuombera ali chikhalire. Wothamanga ndi wa shotigani. Posenda kalulu valani magolovesi chifukwa cha matenda a tularemia, amene akalulu amapatsira anthu. Gologolo musendeni akadali wofunda, poti akazizira chikopa chimakakamira, ndipo dulani n'kutaya mnofu wozungulira bala chifukwa cha mtovu. Mukafika kunyumba dzifufuzeni nkhupakupa thupi lonse. Matenda a Lyme, amene nkhupakupa zimafalitsa, ndi ochuluka ku Pennsylvania.

Kutsuka

Musanabwerere kugalimoto tulutsani chimene chili m'paipi. Ine ndimaombera pa chitsa chowola kapena pa mtumbira wa dothi lofewa lopanda miyala.

Mfuti imatsukidwa tsiku lomwelo, ngakhale mutatopa chotani, ndipo ine ndimaitsuka nyama isanafike pamoto. Mwaye wa wonga uli ndi mchere umene umakoka madzi, ndipo usiku umodzi umakwana kuyambitsa dzimbiri m'paipi. Chotsukira chake ndi madzi wamba. Chitirani panja kapena m'galaja, poti fungo lake ndi la mazira owola. Masulani sikulu, chotsani chitsulo chonse cha tambala ndi kambale, chitsukeni ndi mswachi wakale m'madzi ofunda, chipukuteni, chiume, ndipo dontheretsani mafuta pang'ono poyenda zitsulo. Pankhope ya frizzen ndi pamwala pasafike mafuta. Tsekani kabowo ndi kamtengo kotokosera m'mano, thirani madzi ofunda m'paipi, dikirani mphindi zisanu, khuthulani. Oyamba amatuluka akuda bii. Bwerezani kawiri kapena katatu, mukusamala kuti madzi asalowe pakati pa paipi ndi mtengo. Pitirizani ndi tinsalu tonyowa pa ndodo mpaka tizituluka toyera, kenaka touma mpaka chinyezi chithe, pomaliza kamodzi ka mafuta oteteza dzimbiri.

Wonga wotsala m'nyanga ubwerere m'chitini chake, chitsekedwe, chikhale pouma, kutali ndi moto ndi ana. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya. Mfuti iimikeni chozondoka usiku umenewo, kukamwa pansi pa kansanza, kuti mafuta asadikhe pakabowo. M'mawa mwake lowetsaninso kansalu kouma. Kakatuluka ndi kadontho kofiirira, madzi anatsalira penapake, ndiye pukutaninso ndi kudzozanso, ndipo pakapita masiku atatu muyesenso.